Mmene ndinasinthira bolodi ya kompyuta yoyendetsa makina opakira ufa

Kompyuta yoyendetsa makina opakira ufa kuntchito kwathu itafa, sindinathamangire kuitanitsa bolodi yatsopano. Ndinayamba ndatsegula bokosi lake lachitsulo la 4U (muyezo wa kutalika kwake), lomwe limakhala mu rack, shelefu yachitsulo ya mainchesi 19, kuti ndione backplane. Makompyuta awa alibe motherboard ngati a muofesi. Pansi pamakhala backplane, bolodi ya mipata yokhayokha, ndipo purosesa, RAM, ma port a netiweki ndi a COM zonse zimakhala pa khadi limodzi lalitali pafupifupi mamilimita 338, loima chilili mu mpata wake. Khadi limeneli ndiye bolodi imene ndinkafuna kusintha.

Backplane yathu ndi ya PICMG 1.0, muyezo wa mu 1994 wa mipata ya makhadi yotchedwa PCI ndi ISA. Apa chenjerani. Mabolodi ambiri amene akugulitsidwa lero ndi a PICMG 1.3, wa mu 2005, wa PCI Express, ndipo mano ake salowa mu mpata wa 1.0 ngakhale mutakankha chotani. Ife tili ndi khadi lakale la ISA lowerenga masikelo, ndipo kulitaya kukanatikakamiza kulembanso pulogalamu yonse. Choncho ndinaitanitsa bolodi ya 1.0.

Itafika, ndinazula chingwe cha magetsi, kuvala lamba wa padzanja wochotsa static, n'kujambula ndi foni mawaya onse ndisanazule ngakhale imodzi. Ma jumper, tizipangizo tolumikiza mapini posankha mmene bolodi igwirire ntchito, ndinawakonzera patebulo, chifukwa khadi likalowa zala sizifikako.

Jumper imene ndinaikira mtima kwambiri ndi ya AT ndi ATX. Ikakhala pa ATX, magetsi akathima n'kuyakanso, kompyuta imatha kukhala duu kudikira munthu adine batani. Ikakhala pa AT imadzuka yokha. Kuno magetsi amathimathima, ndipo usiku palibe katswiri pafakitale, ndiye ndinasankha AT mosakayika. Kenako port ya COM2: yokha mwa ma port a bolodi yathu imasinthika kukhala RS-232, RS-422 kapena RS-485, njira zosiyana zotumizira uthenga pa waya. Ndinaika RS-485, poti inverter, chipangizo chowongolera liwiro la mota, ili kutali kumapeto kwa shedi, ndipo RS-485 imafika mpaka mamita 1,200 pomwe RS-232 imatopa pa mamita 15 okha. Kabatire ka CR2032 ndinangokayeza, kanali bwino.

Polowetsa khadi lalitali chonchi, kanikizani mbali zonse ziwiri mofanana mpaka mano agolide abisike. Ndinamanga sikuluu ya kumbuyo, kenako chitsulo chopingasa pamwamba chomwe chimagwira makhadi kuti asasunthe makina akamanjenjemera. Chitsulo chimenechi anthu amakonda kuchisiya pambali, koma pamalo ngati pathu chimapulumutsa zambiri.

Nditayatsa, mafani anazungulira koma sikirini inali bii. Ndinali nditaiwala waya wa 12V wa mapini 4 wodyetsa purosesa, womwe umalowa pakhadi penipeni, osati pa backplane. Nditaulumikiza, BIOS, pulogalamu yoyambira ya pabolodi, inatuluka pa sikirini.

Chotsiriza chinali watchdog timer, kawotchi ka pabolodi kamene pulogalamu iyenera kumakabwezera pachiyambi nthawi ndi nthawi. Pulogalamu ikauma, kawotchiko kamafika pamapeto n'kuyambitsanso kompyuta. Bolodi yathu imalola masekondi 1 mpaka 255, ine ndinaika 60. Ndinaimitsa pulogalamu dala, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Mphindi itakwana, kompyuta inadzizimitsa n'kudzukanso, masikelo anayamba kuwerenga, ndipo ndinauza anyamata kuti abweretse matumba.