Si mmene mwamvera, botolo ndi lomwe linkalira

Popeza pagulu lathu la WhatsApp mwayamba kale kunditchula "Wamabomba wa ku Chibavi", bola ndifotokoze ndekha. Apolisi sanabwere. Denga silinasasuke. Amene anakuuzani uja anathira mchere wambiri.

Mzuzu wa mu Julaye mukumudziwa: kamvula kowaza tsiku lonse, thaulo osauma, bafa kuchita ndere mpaka khoma kubiriwira ngati Chikangawa. Apongozi anali m'njira kuchokera ku Kasungu, ndipo akazi anga popita kuntchito anangoti, "Bafa lija, abambo." Ine ndinakula ndikuona amayi akukwecha mapoto ndi phulusa ndi mchenga, ndiye mankhwala a m'sitolo otsamwitsa aja sindiwafuna. Komanso, tinene zoona, linali tsiku la 23, thumba lili mbee. Ndinatenga viniga ndi soda yense wa m'kabati.

Anthu amawaza soda pandere, kuthira viniga, n'kukwecha ndi bulashi. Ine ndinati ayi, munthu wopita kusukulu amayamba wasakaniza. Botolo la pulasitiki la malita 2, viniga theka, soda masupuni osawerenga, kutseka msanga thovu lisanatuluke, n'kukhutchumula ngati thobwa.

Botolo linauma gwa! Linayamba kulira chapansipansi, tsiiii. Ndiliponye panja, pali ana a eni nyumba. Nditsegule, manja akukana. Ndili chiimire pabalaza, ndinangomva, "Odi kuno!"

Apongozi atsika kale pa sakaramento, njinga ya kabaza ija, thumba kumutu, tambala m'khwapa.

Mkamwini salonjera apongozi ataimirira. Ndinagwada, botolo ndabisa kumbuyo. Tsono moni wa apongozi anga sathamanga. Anafunsa za ine, za ana mmodzimmodzi, za kuntchito, za kuzizira. Kenako tinalowa nkhani ya mbuzi zawo, kenako mitengo ya fodya. Kumbuyo kwangaku: tsiiii. Anakhala chete. Anayang'ana kumbali mwaulemu, ngati munthu amene sanamve kanthu. Tsiiiiiii. Ulendo uno linatalikitsa, mpaka kumapeto kukhota mawu ngati likufunsa funso. Ngakhale tambala anandiyang'ana.

"M'mimbamo muli bwino, bambo?"

"Muli bwino ndithu, amayi."

Tsiii.

"Nyemba zikapanda kupsa zimatero. Musachite manyazi, ndinu mwana wanga."

Anzanga, ndikanavomera nyembazo. Ulemu wanga ukanatsalako pang'ono. Koma ndisanayankhe, phuu! Chitsekerero chinakamenya malata, thovu linadutsa pamutu panga n'kukatera pa mpango wawo woyera wa kutchalitchi. Apongozi anaitana Yesu katatu. Tambala anatulukira pazenera, chingwe chili kumiyendo. Ine ndinali chigwadire, viniga akutsika m'khosi, ndikupitiriza kuomba m'manja, chifukwa moni unali usanathe.

Mnzanga wina wophunzitsa sayansi wandiuza kuti soda ndi viniga zikakumana zimatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umachita thovu m'zakumwa za m'botolo, ndipo ukautsekera umafuna potulukira. Akuti zikatha kuwira chotsala ndi madzi amchere basi, sizitsukanso kwenikweni. Zimenezi bwanji sananene chaka chatha? Ndipo musaiwale, palibe anavulala, palibe anatsamwa, udzu wa pakhomo uli bwinobwino. Akanakhala bulichi, bwenzi pano tikukamba za maso a apongozi. Mpango uja atauchapa unayera kuposa kale, koma zimenezi palibe akuzitchula.

Chimene chinawawa akazi anga n'chakuti m'thumba muja munali therere, ndipo soda ndinali nditamaliza. Apongozi anangotenga phulusa la pambaula n'kudontheza chidulo, osalankhula ndi munthu. Pa nsima anandikankhira mbale ya therere, nyemba anaziika kutali ndi ine.

Ndere zikadalipo. Tambala akuti anaoneka ku Chiputula.