Ndinathawa ndi bafa ya apongozi

Ndimaphunzitsa biology pasukulu ina ya sekondale mu Chipata muno, ndipo tiziwalo ta adrenal nditha kutijambula pabolodi nditatsinzina. Tilipo tiwiri, kamodzi pamwamba pa impso iliyonse, ndipo kalikonse kamangolemera magalamu 4 kapena 5. Tinyama tosakwana n'komwe magalamu 10 timeneti ndi timene tinandichotsa ulemu ine, bambo wa tayi ndi nsapato zopolisha. Malo ake osati kwina, koma kwa apongozi.

Munali mu June, anthu atamaliza kukolola, pamene ine ndi amayi a kunyumba tinapita kwawo chakuChadiza kukatenga chimanga. Akamwini anzanga mukudziwa mmene timayendera pakhomo pa eni: mawu pansi, maso pansi, ndipo mukaona apongozi aakazi akubwera m'njira mumapatukira patchire ngakhale pali chitedze. Mwambo umenewu ine ndinkausunga kwambiri, moti akamwini ena a m'mudzimo ankadzudzulidwa potchula ine.

Madzulo tikuwotha moto, mlamu wanga wamng'ono, amene pakamwa pake sipatsekeka, anayambitsa nkhani ya fisi. Akuti dzana lake fisi analowa m'khola la anyakwawa n'kutuluka ndi mbuzi. Mnyamatayo anayeserera mpaka kalilidwe kake. Ine ndinaseka mwauphunzitsi n'kuuza onse kuti fisi ndi nyama yamantha. Ubongo wanga sunatsutse, unangosunga nkhaniyo.

Posakhalitsa anandiuza kuti madzi ali kubafa. Bafa yake ndi ija ya udzu, yokhala ndi mwala wopondapo, kuseri kwa nyumba moyandikana ndi tchire. Mdima unali utagwa kale. Ndinakoleka zovala ndi thaulo, ndinadzipaka sopo mutu wonse mpaka kumaso, ndiye ndili chitsinzinire kufufuza kapu, ndinamva udzu kuti tswaa. Kenaka chinthu chozizira, chonyowa, chinandigunda pakatumba n'kupuma kuti fuu.

Zimene zinachitika m'thupi mwanga nthawi imeneyo nditha kuzifotokoza bwinobwino, pajatu ndi zimene ndimalandirira malipiro. M'kati mwenimweni mwa kachiwalo ka adrenal muli mbali yotchedwa medulla, mmene mumakhala maselo a chromaffin. Maselo amenewa sadikira ngozi kuti ayambe ntchito. Amapangiratu adrenaline ndi mnzake noradrenaline n'kuwalonga m'timatumba tosaoneka ndi maso, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 a katunduyo ndi adrenaline. Ubongo ukangoganiza kuti kwaopsa, uthenga umatsika mumsana n'kudzera m'mitsempha ya splanchnic. Mitsemphayo imathira mankhwala otchedwa acetylcholine pamaselo aja, calcium amalowa, timatumba timatseguka, adrenaline yense khuthu m'magazi. Zonsezi ndi za masekondi ochepa chabe. Panjira yonseyi palibe pamene mwini thupi amafunsidwa ngati anapita kukoleji, kapena ngati wavala.

Khomo la bafa linali kumanzere. Ine ndinatulukira kutsogolo.

Chipupa chonse chinazuka ndi mitengo yake n'kundikola pachifuwa, ine osamva kulemera. Mtima gugugu, chiwindi chikutsanulira shuga m'magazi, magazi akuchoka kumimba ndi kukhungu kuthamangira kuminofu ya miyendo. Timwanadiso tinakula kuti ndione bwino mumdima, koma imeneyo inali ntchito yowawa pachabe chifukwa m'maso munali sopo. Ndinalumpha mtondo, ndinagwetsa thandala la mbale, uku ndikukuwa kuti, “Fisi! Mayo ine, fisi!” Pamene nzeru zinkabwerera n'kuti ndili pamwamba pa denga la nkhokwe, nditakumbatira kamtolo ka udzu kamene kanatsalako kuchipupa chija. Mmene ndinakwerera musandifunse.

Tsoka ilo, patsinde pa nkhokweyo apongozi aakazi anali atayala mphasa, akuswa mtedza pakanyali kawo ka sola.

Apongozi aamuna anatuluka ndi nkhwangwa, mlamu uja ndi tochi ya pafoni, anthu oyandikana nawo ndi zibonga. Ataunika pamene panali bafa, anapeza kamwana ka nkhumba kataviika mphuno m'beseni, kakumwa madzi anga mosatekeseka.

Kunati zii. Apongozi aakazi, munthu wodziwa mwambo, anatembenuka n'kundipatsa msana, kenaka anaitana mwana wanga.

“Iwe, tawafunsa atate ako ngati chimanga akuwerenga pamwambapo chakwana.”

Mudzi wonse unaphulika.

Vuto la adrenaline ndi loti sakhalitsa. Pamphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, theka lake limakhala litachoka m'magazi. Anandikweza pankhokwe n'kundisiya pomwepo. Miyendo inayamba njenjenje, m'kamwa muli gwa, mphepo ya June ikuumitsa sopo pamsana, ndipo ndikayang'ana pansi ndinkachita chizungulire. Anachita kukabwereka makwerero. Amayi a kunyumba anandiponyera chitenje chawo cha amayi a kumpingo n'kunena motsitsa mawu kuti, “Bambo, yambani mwavala musanatsike. Zomwe mwationetsazi zakwana.” Nditaponda pansi m'pamene ndinamva kuti kuphazi kuli minga, imene inandilasa kalekale ndikuthamanga. Munthu akakhala pa mantha aakulu thupi limayamba labisa ululu, kenaka limadzaupereka wonse nthawi imodzi.

Ana anga a sukulu ambiri amaganiza kuti nkhani ya adrenal imathera pa adrenaline, ndipo pamayeso amataya malikisi pomwepa. Kachiwaloka kali ndi mbali ina yakunja, cortex, imene imapanga cortisol. Ameneyu salongedwa m'timatumba, chifukwa amadutsa khungu la selo mosavuta, sangatsekeredwe. Adrenaline ali ngati thobwa la mumtsuko, mlendo akangofika mumangotunga, pamene cortisol ndi nsima, mpaka wina akoleze moto. Mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus imatumiza homoni yotchedwa CRH kwa pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, pituitary imatumiza homoni ina yotchedwa ACTH kudzera m'magazi, ndipo m'pamene cortex imayamba kupanga cortisol kuchokera ku cholesterol. Amafika pachimake patapita mphindi 20 kapena 30. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti shuga asathe m'magazi ngati ngoziyo ipitirira.

Ndiye kuti wanga anafika nthawi imene ndinali nditavala kale jekete, nditakhala pampando ndi mbale ya nkhuku patsogolo, kankhumba katagona. Nkhukuyo anandiphera ine monga mlendo wolemekezeka, koma sinkatsika pakhosi. Choipa china n'choti thupi silisiyanitsa kwenikweni fisi ndi manyazi. Mlamu uja ankati akasuzumira pakhomo n'kulira ngati nkhumba, timatumba tina tinkatseguka, mtima n'kuyambiranso.

“Alamu, musadandaule,” iye anatero. “Mawa tikagwira fisi uja tidzakupatsani mutu.”

Apa ndinaona kuti ulemu wanga ungabwerere kudzera m'maphunziro basi. Ndinayamba kufotokozera apongozi aamuna mofatsa kuti zimene aonazo si mantha wamba ayi, ndi chilengedwe, ndipo zimachitikira aliyense, angakhale msilikali. Ndinawauza za impso, za timatumba, mpaka za Walter Cannon wa ku Harvard, amene mu 1915 anafotokoza kuti pakagwa zoopsa thupi limakonzekera zinthu ziwiri, kumenya kapena kuthawa. Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, chifukwa ndi munthu wokonda kuphunzira.

“Ziwiri, eti? Kumenya ndi kuthawa?”

“Inde, bambo.”

“Nanga inu aphunzitsi, ya kumenyayo anakuchotsani kuchipatala?”

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Amayi a kunyumba anagona atayang'ana kukhoma, koma bedi linkagwedezeka, ndipo sikuti ankalira.

M'mawa ntchito yoyamba inali kubwezeretsa bafa, poti wogwetsa ndiye womanga. Chipupa chimene ndinathamanga nacho ndekha madzulo tinachita kunyamula awiri ndi mlamu, n'kupumulanso panjira. Ana a m'mudzimo ankatitsatira pambuyo, akuonetsana pamene ndinalumphira mtondo ndi pamene ndinakwerera nkhokwe, ena akuyesa kukwera koma osatha.

Itakwana nthawi yopakira chimanga m'ngolo kuti tikachisiye kumsewu, ndinati apa ndiye ndionetse kuti pakhomo pali mkamwini. Ndinavula jekete, ndinapinda malaya, ndinagwira thumba la makilogalamu 50 m'makutu mwake n'kukoka. Linangosuntha pang'ono. Ndinakokanso, msana unati khwe, thumba lili pomwepo.

Apongozi aamuna anandiyang'ana kwa kanthawi atatsamira ngolo, kenaka anatembenukira kwa mlamu uja.

“Iwe, thamanga ukatsegule khola. Kankhumba kaja kabwere, aphunzitsi akufuna thandizo.”