Mtengo Umene Unamira mu Uchi

Malume anga amaweta njuchi m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo kwa zaka zambiri uchi wawo akhala akugulitsa kwa anthu owadziwa kale, makamaka a ku Chinamwali ndi ku Matawale. Atamva kuti ndaphunzira kupanga masamba a pa intaneti, anandiitanitsa kunyumba kwawo n'kundiuza kuti akufuna tsamba loti ngakhale munthu wa ku Lilongwe aziona uchiwo ndi kuitanitsa. Lamulo anandipatsa limodzi lokha. Ananyamula botolo, kulikweza moyang'anitsa kudzuwa, n'kunena kuti, "Mphwanga, tsambalo lioneke ngati ichi." Tinagwirizana kuti malipiro anga adzakhala mabotolo awiri a uchi, ndipo ine, poganizira phala la m'mawa, sindinanenerere.

Mtundu umene malume ankaloza uli pakati pa chikasu ndi lalanje, ndipo opanga masamba amautchula kuti amber, dzina la utomoni wa mitengo yakalekale umene unauma n'kusanduka ngati mwala. Pa kompyuta mitundu imalembedwa ndi zizindikiro, choncho ndinatenga #FFC107, amber amene ali pa mndandanda wa mitundu wa Material Design umene kampani ya Google inatulutsa mu 2014. Ntchito yonse ndinaigwira usiku magetsi atathima, laputopu ikuyendera batire, ndipo m'mdima umenewo tsambalo linkawala ngati uchi wongofulidwa kumene. Ndinapaka amber kumutu kwa tsamba, pa batani loitanitsira, ndiponso m'kabokosi ka mtengo, ndipo pamwamba pake ndinalemba zilembo zoyera, zazing'ono ndi zopyapyala, chifukwa m'maso mwanga zakuda zinkaoneka zachikale.

Woyamba kundidodometsa anali bambo wina woyandikana ndi malume, amene atangoona tsambalo anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati malumewo alowa chipani chija cha nsalu zachikasu. Ndinawafotokozera kuti amber si chikasu, iwo n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wavomera kusunga chinsinsi. Wachiwiri anali mnzanga wa ntchito yomweyi wa ku Blantyre, amene anandikumbutsa kuti mu Bootstrap, chida chimene ambirife timamangira masamba, #FFC107 yemweyo ndiye mtundu wa chenjezo, monga nyali yapakati ya maroboti a pamsewu. Anati batani langa likuuza wogula kuti asamale m'malo momuuza kuti agule, ndiponso kuti zilembo zoyerazo sizikuwerengeka. Ine ndinangoti ndi nsanje ya anthu a ku Blantyre.

Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, tinali mu msika wa Zomba pamene panafika mayi wina amene ali ndi nyumba yogona alendo, wakabaza akuwatsatira ndi katoni. Anati abwera kudzatenga mabotolo makumi awiri pa mtengo wa K3,000 umene anauona pa intaneti, ndipo ndalama anali ataziwerengeratu. Malume anaseka poyamba, poyesa kuti ndi nthabwala, kenaka anawauza mwaulemu kuti botolo ndi K8,000. Mayiwo sanakangane nawo, koma anatulutsa foni, kutsegula tsamba langa, n'kutiuza kuti tiwerenge tokha.

Tinawerama tonse atatu pa foniyo, koma chimene tinaona chinali kabokosi kachikasu kopanda kanthu. Malume anavula chipewa kuti aphimbe dzuwa, ine ndinakweza kuwala kwa foni mpaka pamapeto, mayi aja anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, ndipo zonsezi zinangothandiza kuti tione timizere toyera tonga mapazi a nkhuku pa ufa. Anthu a mu msika safuna kuitanidwa pa nkhani yotere. Wogulitsa usipa anati akuona 3, wogulitsa zitenje analumbira kuti ndi 8, wakabaza anati mwina ndi 5 ndipo tingogwirizana pamenepo, pamene agogo ena a tomato anatsimikiza kuti foniyo yafa. Apa m'pamene ndinachita cholakwa chachikulu pa tsikulo, chifukwa ndinayamba kufotokozera gululo kuti mtunduwo ndi wovomerezeka ndi Google, mpaka kutchula #FFC107 chilembo ndi chilembo. Malume anandisiya mpaka nditamaliza, ndipo anayankhula motsitsa mawu, monga amachitira akakwiya kwenikweni.

"Mphwanga, ine ndinati tsamba lioneke ngati uchi. Sindinati mtengo umire mu uchimo."

Madzulo ake ndinachita zimene ndikanayenera kuchita poyamba, ndiko kuyeza kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi mtundu wapansi pake. Malangizo a WCAG 2.0, amene anatuluka mu 2008 pofuna kuti masamba a pa intaneti azitha kugwiritsidwa ntchito ndi aliyense, amafuna kuti pa zilembo wamba kusiyanako kukhale 4.5 kwa 1 kapena kuposa, koma zoyera zanga pa amber zinangofika pa 1.6, pamene zakuda zimene ndinazinyoza zija zimayandikira 13. Ndinasintha zilembo zonse kukhala zakuda, ndinakulitsa mtengo, ndipo amber ndinamuchotsa m'malo ambiri n'kumusiya kumutu kwa tsamba ndi m'kabokosi kaja basi. Mnzanga wa ku Blantyre sindinamuimbire.

Kutacha malume anakana kuliona tsambalo m'nyumba. Anadikira mpaka masana, anatuluka ndi foni pabwalo, anaitalikitsa ndi mkono wonse, n'kuwerenga mokweza kuti K8,000 kawiri konse. Atayang'anitsitsa zilembo zakuda pa amber, anati tsopano likufanana ndi njuchi zawo, ndipo anadabwa kuti munthu wopita kusukulu anafunika kuchititsidwa manyazi mu msika kuti aone chovala chimene njuchi imavala tsiku ndi tsiku. Nditafunsa mwaulemu za malipiro anga, anandiuza kuti mayi aja anavomera kugula pa mtengo weniweni atawaonjezera mabotolo awiri opepesera, ndipo anandifunsa ngati ndikufuna kuti andiuze kuti mabotolowo anali a yani.