Mbiri ya zomwe ndafufuza pa foni, komanso brawuza yomwe ndasankha

Sabata yatha ndimafuna tsamba lina lomwe ndinawerenga usiku koma dzina lake ndinali nditaiwala, ndiye ndinatsegula Chrome nkudina timadontho titatu tija pakona kenako History. Masamba onse anali pompo tsiku ndi tsiku, ndinangolemba liwu limodzi lomwe ndimakumbukira pa kagalasi kofufuzira kaja basi tsamba lija linatulukira.

Koma chomwe chinandidabwitsa zedi ndi myactivity.google.com. Ngati Web & App Activity, yomwe imasunga zomwe mumachita pa Google, ndi yoyatsa pa akaunti yanu ya Google, kumeneko mumaona mpaka ola ndi mphindi yomwe munafufuza chinthu, zakalekale zomwe munaziiwala. Mutha kutchera kuti zizifufutika zokha pakatha miyezi 3, 18 kapena 36, ine ndinasankha 3, sindikuona chifukwa chosungira zonsezo zaka ndi zaka. Incognito nayo anzanga musaidalire kwambiri, imangoletsa kuti mbiri isatsale pa foni koma kampani yokupatsani intaneti imaonabe komwe mwalowa.

Pa brawuza panopa ndakhazikika pa Firefox chifukwa pa Android imalola kuyika uBlock Origin, kapulogalamu kotsekereza zotsatsa malonda, ndiye zotsatsa zambiri zija sizitulukanso ndipo masamba amatseguka msanga. Opera Mini ndimaisungabe netiweki ikamavuta poti imafinya masamba kaye pa maseva awo asanafike kwa inu. Kusintha brawuza yomwe foni imatsegulira masamba nkosavuta, Settings, Apps, Default apps kenako sankhani. A iPhone nawo anayamba kuloledwa kusintha mu 2020 ndi iOS 14.