Mphepo yayamba kulowera pansi pa chitseko

Loweruka, usiku.

Lero ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Si khama ayi, ndi kuzizira. Bulangete lomwe takhala tikufunda chiyambire Disembala landikana, ndipo pansi pa chitseko, pomwe chiswe chinadya thabwa, pamalowa kamphepo kondinyambita kumapazi. Ndinapirira pang'ono, kenaka ndinangoti bola ndikasonkhe moto. Kunja kunali mame okhaokha, mapiri atafunda nkhungu mpaka m'khosi, madzi a mumtsuko akuluma mano. Kuno sitifunsa kalendala kuti mvula yatha liti. Zikafika apa ndiye kuti masika alowa, chisanu chili m'njira. Mchemwali wanga wa ku Nchalo akaimba foni n'kumati "kuno kwayamba kuzizira" ndimangoseka. Pa boma pathu pa Dedza m'pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo ife a mbali ya ku Bembeke, Juni akafika, ana amapita kusukulu milomo itang'aluka ngati nthaka ya mu Okutobala.

Kadzutsa wa nyengo ino savuta. Ndinaphika dzungu ndi mbatata mumphika umodzi, tiyi wopanda mkaka, basi. Mzime wanga anayamba ndi dzungu, natsatiza mtedza wauwisi wowiritsa womwe unatsala dzulo, kenaka ndinamuona kuseri kwa khitchini akulimbana ndi nzimbe yotalika kuposa iyeyo. Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ndani amamva mu Meyi? Pofika 9 koloko anali atagona pamkeka akugwira pamimba.

Dzuwa litangotentha pang'ono amayi anatulukira ndi dengu pamutu, lodzaza khwanya ndi nkhwani. Nyumba yawo ndi yathu zimayang'anizana, koma akamabwera ndi ntchito amaodira ngati mlendo wochokera ku Ntcheu.

"Odi kuno! Kodi mwadzuka, kapena mukudikira kuti masambawa achite kudzifutsa okha?"

"Tadzuka amayi, kaya inu?"

"Ine ndadzuka kalekale. Tenga mphika waukulu uja."

Awa ndi masamba otsiriza. Sabata ziwiri zikubwerazi nkhwani ikhala itachita tuwa, nyemba zitayoyola masamba, ndipo amene sanafutse adzaona yekha mu Okutobala, dimba litauma, repu wa pamsika akugulitsidwa timitsamba titatu ngati mankhwala. Tinakhala pansi kusadzula nkhwani, ntchito yomwe imayabwa m'manja, ndipo amayi amaichita osayang'ana n'komwe, maso ali kunjira kuona amene akudutsa. Madzi atawira tinaponyamo masamba kanthawi kochepa chabe, kuti angofota, n'kuwavuula. Ukawasiya nthawi yaitali umayanika phala.

Apa ndiye tinasiyana maganizo, monga chaka chilichonse. Alangizi a zaumoyo anatiphunzitsa kuti mfutso uziyanikidwa pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lachindunji limawononga zina mwa zofunika m'thupi ndipo masamba amada. Ine ndinayala mphasa pakhonde. Amayi anaikoka n'kuipititsa pakati pa bwalo.

"Iwe, ndinakulera ndi mfutso wa padzuwa. Unafa?"

Sindinafe. Tinagawana: khwanya pakhonde, nkhwani padzuwa, nkhuku zikuzungulira zonse ziwiri mosakondera.

Chomwe sindingatsutsane nawo ndi kamangidwe ka chikwatu. Wa sabata yatha unali utauma, ndiye lero anaumanga. Amatenga masamba a msuku, aakulu aja okhakhala, kuwasanja mozungulira ngati akuluka chisa, kuthira mfutso pakati, kuphimba ndi masamba ena, kenaka luzi likuzungulira uku ndi uku mpaka chinthu chija chitakhala ngati mpira. Palibe mpata woti ngakhale nyerere ilowe. Amachipachika kudenga la khitchini, pomwe utsi umafika tsiku ndi tsiku. Ine ndinayesa changa, chinatuluka ngati mutu wa munthu womangidwa bandeji, mfutso ukutayikira m'mbali. Anandilanda osanena kanthu, ndipo kusanena kanthu kwa amayi kumapweteka kuposa mawu. Ndikudziwa kuti m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino mfutso umasungikanso, ndipo chaka chatha ndinatero. Koma wa m'chikwatu uli ndi kafungo kake, ka utsi ndi msuku, koti ukautendera ndi nsinjiro mwana safunsa za nyama.

Cha m'ma 11 ndinapita kumunda kukawaperekera abambo ake a anawa thobwa. Chimanga tinadula masabata atatu apitawo n'kuimika mikukwe, ndipo chiyambire Lachiwiri iwo akugona komweko, mu kamsasa ka mapesi, chifukwa munda woyandikana nafe anthu anaukolola usiku. Mwini wake anapeza mikukwe ili chiimire bwinobwino, koma m'kati muli mapesi okhaokha. Ndinawapeza ndi alamu anga awiri akugwetsa mkukwe umodzi umodzi, kusenda makoko ndi msomali wosongola, kuponya chimanga pamulu. Pansi pa mkukwe uliwonse mbewa zimabalalika, ana a m'mudzi ali pambuyo ndi zibonga. Wachisamba wanga, yemwe mayeso a Sitandade 8 amuyandikira ndipo ndinamusiya ndi kope m'manja, ndinamupeza ali patsogolo pa gulu. Nkhani imeneyo tinaimaliza madzulo.

Ngolo inabwera maulendo awiri. Ulendo wachiwiri utatsitsidwa pabwalo m'pamene nkhani ya nkhokwe inadzuka.

Nkhokwe yathu yaima chopendekeka kuseri kwa nyumba, chaka chachinayi tsopano osalowamo kanthu kupatula nkhuku yoikira. Amayi imawawawa. Kwa iwo khomo lopanda nkhokwe yodzaza ndi khomo la mlesi, ngakhale m'nyumba mutakhala matumba ofika kudenga. Koma mkamwini ndi apongozi ake salankhulana maso ndi maso pa nkhani zotere. Amayi anakhala pakhonde atapenya kumbali, abambo ake ataima patali chipewa chili m'manja, ine pakati ngati mtolankhani.

"Uwauze amuna ako kuti nsungwi zilipo kudambo. Nkhokwe siitenga masiku atatu kuluka."

"Mayi, auzeni amayi kuti tamva, koma nankafumbwe wa masiku ano si uja ankamudziwa iwo."

Onse awiri amamvana bwinobwino, mamita asanu okha pakati pawo, koma ine ndimayenera kubwereza liwu lililonse.

Pa nkhaniyi ndili mbali ya bambo, ngakhale sindinanene mokweza. Chimanga chomwe amayi ankasunga m'nkhokwe chinali chamakolo, cholimba ngati mwala, makoko ake otseka mpaka kunsonga, ndipo chinkalowa m'nkhokwe ndi makoko omwe. Chathuchi ndi cha haibulidi: chimabereka kwambiri, inde, koma n'chofewa, ndipo nsonga zambiri zimakhala pamtunda. Kuwonjezera apo kunabwera nankafumbwe wamkulu uja, wochokera ku Central America, yemwe anayamba kuvuta ku Tanzania asanalowe m'dziko muno kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Ameneyo makoko sawaona ngati kanthu, amaboola ngakhale mtengo wa nkhokwe yomweyo. Chaka chomaliza kugwiritsa ntchito nkhokwe, pofika Novembala ndinkati ndikatapa chimanga, m'lichero mumatsala ufa wonunkha ndi zitsononkho. Ndiye palinso akuba. Amene akukolola munda wa mnzake usiku angaope nkhokwe ya kuseri kwa nyumba?

Choncho chimanga chathu chimagona nafe m'nyumba. Kwa zaka zingapo tinkathira mankhwala a Actellic, koma tsopano theka timaika m'matumba a PICS, aja a nsanjika zitatu: mapulasitiki awiri m'kati, thumba wamba kunja. Umathira chimanga, kufinya mpweya, kumanga pulasitiki woyamba payekha, wachiwiri payekha, kenaka lakunja. Tizilombo totsekeredwa m'katimo timatha mpweya n'kufa, popanda mankhwala. Koma matumbawa ali ndi mwambo wake. Khoswe akangoboola, kapena mwana akalasa ndi waya, ntchito yonse yagwa. Amafuna kusanjidwa pamitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Madzulo ndinatulutsa a chaka chatha n'kumawauzira mpweya limodzi limodzi ngati chibaluni, kumvetsera ngati akutuluka penapake. Mwa asanu ndi atatu, awiri apita.

Ndipo chimanga chosauma sachiika m'menemo. Amayi amayesa ndi dzino: njere ikalira kuti "khwa" ndiye kuti yauma. Ine ndimawonjeza za botolo. Umatenga botolo la galasi louma bwino, kuthiramo mchere wouma ndi njere zodzaza dzanja, kutseka, kukhutchumula, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chinyezi chikadalipo, chifukwa chofunika n'choti chitsike kufika pa 13 peresenti. Ndinatonola zisononkho zisanu kuchokera pakati pa mulu n'kuyesa. Mchere unamata. Amayi analuma njere imodzi, nayang'ana kumwamba, nati, "Chikadali ndi madzi." Kwa kamodzi dzino ndi botolo zinagwirizana. Ndiye kuti sabata yonse ikubwerayi ndi yoyanika m'mawa, kuanula madzulo mame asanagwe. N'zotopetsa, koma chimanga chochita chuku ndimachiopa kuposa nankafumbwe, poti poizoni wake saoneka ndipo sachoka ndi kuphika. Mtedza ndiye umaposa. Wathu tinaufukula sabata yatha ndipo uli pamulu, makoko ali m'kati masamba kunja, kuti uume pang'onopang'ono osakhudza dothi.

Tili pakati pa zimenezi kunafika mnyamata wa njinga yamoto, sikelo ili pachiwongolero, ndowa kumbuyo. Mavenda amanunkhiza chimanga ngati ntchentche. Anapereka moni waulemu kwambiri, "Amayi, zokolola zayenda bwanji?", natchula mtengo wake. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse mtengo woyambira kugulira mbewu, ndipo timaumva pa wailesi, koma mtengowo sukwera njinga kufika kuno. Wa mnyamatayo unali pansi pake. Ndowa yakenso ndinaiyang'anitsitsa: pansi pake anaimenya mpaka inatuluka mimba.

Sindinama, mtima unagwedezeka. Ana akufunika majuzi, wamkuluyu nsapato zatha, sopo watsala kachidutswa. Bambo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana mulu. Pamaso umaoneka waukulu, woti sungathe. Koma ndinawerengera kale usiku wina. Pakhomo pano timadya anthu asanu ndi mmodzi, ndipo thumba la makilogalamu 50 silidutsa masabata atatu. Kufika masika ena ndi matumba 18, osawerengera maliro, alendo, ndi mbale yemwe adzabwere mu Januwale atanyamula kathumba kopanda kanthu, woti sungamubweze. Mulu uwu ukatonoledwa ukhoza kupereka 22, mwina 23. Mu 2024, chaka cha ng'amba ya El Niño pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ife tinagulitsa matumba anayi mu Meyi kuti tilipire ngongole ya feteleza. Mu Febuluwale wotsatira ndinakaima pamzere kumsika ndi kabeseni, kugula chimanga chonga chomwecho pa mtengo woti sindifuna kuukumbukira.

"Achimwene, pitani kaye. Sichinaume."

"Ndigula chomwecho amayi, ndikayanika ndekha."

"Ndati sichinaume."

Anapita kwa aneba, ndipo posakhalitsa ndinamva ndowa ikulira.

Za majuzi tathana nazo mwa njira ina. Mbatatesi ya kudimba yakhwima, ndipo Lachitatu alamu anga akutengera matumba awiri ku Lizulu, komwe magalimoto a pa M1 amaima. Ndalama imeneyo ndi ya kaunjika. Ndinatulutsanso chikwama cha zovala za chisanu pansi pa bedi. Juzi ya wamkulu yatsikira kwa wachiwiri, ya wachiwiri kwa mzime, ya mzime njenjete zinagawana. Zonse ndinazichapa, zikununkha chinyezi cha dzinja lonse. Nkhuni nazo ndayamba kuunjika pakhonde, ngakhale masiku ano zitsononkho ndi mapesi ndi zomwe zikutiphikira.

Chakudya chamadzulo chinali nsima ya mgaiwa wa chimanga chatsopano, chomwe ndinayanika padera sabata yatha chifukwa cha kusaugwira mtima. Ndiwo zinali nyemba zaziwisi ndi bwanoni amene ana anatola m'mawa mu udzu wonyowa, mapiko atalemera ndi mame. Ndinangowakazinga ndi mchere, mafuta ndi awo omwe. Amayi anadya nafe. Atasamba m'manja anayang'ana mulu wa chimanga womwe tinaufunditsa lona, nati kwa ine, mokweza kuti wina amve, "Nsungwi zija zikadalipo." Bambo anatsokomola, natenga tochi.

Apita kumunda, kwatsala mikukwe isanu ndi umodzi. Atenga bulangete lokhuthala lija, ine ndatsala ndi lopyapyala ndi zitenje ziwiri. Pansi pa chitseko ndatsekapo ndi limodzi mwa matumba obooka aja, ndipo likugwira ntchito kuposa momwe linkasungira chimanga. Zala zikuwawa, ndipo kutonola kwenikweni sitinayambe. Mawa tikachoka ku tchalitchi tiyala lona pabwalo. Mchere wa m'botolo ndaukhuthulira pachiwaya pafupi ndi mbaula kuti uume, ndidzayesenso Lachinayi.