Foni ikulira, koma laini kulibe

Vuto lili pa laini kapena pa makina? Funso limeneli ndi limene limandidyetsa nsima muno mu Lusaka. Ndimakonza mafoni a pa desiki, ma PABX (makina ogawira laini yakunja ku mafoni a m'zipinda) a m'maloji ndi m'masukulu, mafakisi amene atsalira m'maofesi a maloya, komanso ma alamu aja amene amaimbira kampani ya alonda akuba akalowa. Zonsezi zimafuna laini ya mawaya kuti zigwire ntchito, pamene m'kashopu kanga kuseri kwa Freedom Way laini yotero mulibe. Chimene ndili nacho ndi kabokosi kotuwa kokhala pambali pa multimeter, kamene pogula kanalembedwa kuti telephone line simulator. Ife timangoti simyuleta.

Kali ndi mabowo awiri obayamo waya wa foni, otchedwa RJ11, ndi chingwe chopita ku magetsi a pakhoma, basi. Ukabaya foni kubowo lina, fakisi kubowo linalo, zonse ziwiri zimakhulupirira kuti zalumikizidwa ku exchange yeniyeni, kuja ku kampani ya mafoni kumene malaini onse amakumana. Chinsinsi chake n'chakuti foni ya mawaya ilibe batire yakeyake, imadya za ku exchange. Laini ikakhala chete pamakhala mavolti pafupifupi 48 a DC. Ukanyamula risiva, magetsi amayamba kuyenda, mamiliampu 20 kapena kupitirira apo, ndipo mavolti aja amagwa kufika pakati pa 6 ndi 10. Exchange ikaona kuti magetsi ayamba kuyenda imadziwa kuti munthu wanyamula, n'kutumiza kaphokoso kaja ka tuuu, kamene amati dial tone. Kabokosi kanga kamachita zomwezo: kamapereka mavolti, kamadikira kuti unyamule, kamapereka dial tone, kamamvera nambala imene wadina, kenako n'kuliza foni ya mbali inayo.

Kulizako sikuti ndi masewera. Belu la foni limafuna mavolti 75 mpaka 90 a AC, ogunda ka 20 kapena ka 25 pa sekondi malinga ndi dziko. Mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchito, anali ndi chizolowezi chosenda waya ndi mano monga amachitira anyamata ambiri a m'tauni. Tsiku lina waya ali m'kamwa ine n'kuimba kuchokera mbali inayo osadziwa. Anadumpha mpaka kugwetsa mpando. "Amalume, mwati mulibe laini muno!" Kuchokera pamenepo pulayala sachoka nayo m'thumba.

Phindu lalikulu la kabokosika ndi kuthetsa makani. Mwini loji ina ya ku Kabulonga anabwera atakwiya, PABX ili m'manja, akuti yafa chifukwa alendo akuimba koma pa risepushoni sipakulira. Anali ataitanitsa kale mtengo wa yatsopano. Ndinabaya doko (bowo) la laini yakunja ku simyuleta, n'kuika foni pa extension yoyamba, n'kuimba. Inalira bwinobwino. Ndinayesa madoko onse limodzilimodzi, ndipo lililonse linayankha. "Abwana, makina anu ali moyo. Kafufuzeni waya wochokera pa mtengo kulowa m'nyumba." Anakapeza kuti makoswe anadya waya m'denga. Popanda kabokosika ndikanangolankhula za m'mutu, iwo n'kumaganiza kuti ndikukana ntchito kapena ndikufuna kuwadyera.

Manambala nawonso ndimawayesera pomwepo. Batani lililonse pa foni limatulutsa mamvekedwe awiri nthawi imodzi, njira imene amati DTMF. Mwachitsanzo 5 ndi 770 Hz pamodzi ndi 1336 Hz, pamene 1 ndi 697 pamodzi ndi 1209. Foni imene inathiridwa tiyi imatha kutaya mzere umodzi wa mabatani, mwini wake n'kumadabwa kuti manambala ena akupita, ena ayi. Pa simyuleta zimaonekera msanga: udina 4, 5, 6, osayankha, wadziwa kale kuti mzere wa 770 wapita. Mafoni akale ozunguza ndi chala aja amachita mosiyana, amadula laini ka 10 pa sekondi kuti awerenge nambala. Alipobe amdala ena ku Chilenje ndi ku Kabwata amene amasunga foni yotero ya nthawi ya PTC, kampani ya boma ya positi ndi mafoni, isanagawidwe mu 1994 kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo amafuna kuti izilirabe ngakhale ili yokongoletsera pabalaza. Si simyuleta iliyonse imene imamva kuzunguza kumeneko, choncho amene mukufuna kugula funsani kaye.

Fakisi ndiye imandisangalatsa. Yotumiza imalira pa 1100 Hz kuti ndine fakisi, yolandira n'kuyankha pa 2100 Hz, kenako zimagwirizana liwiro, kawirikawiri mpaka 14,400 bps (mabiti pa sekondi). Ndi mafakisi awiri pa tebulo limodzi ndimaona pepala likulowa uku n'kutuluka uko, mizere yakuda yobwera chifukwa cha dothi pa galasi la fakisi ikuonekera pomwepo. Mamodemu nawo n'chimodzimodzi, ngakhale masiku ano amabwera mwa apo ndi apo. Amene munagwiritsapo intaneti ya ZAMNET, imene inayambira pa UNZA mu 1994, mukukumbukira kukuwa kuja modemu ikamalumikiza. Koma dziwani ichi: mamodemu awiri a 56k mukawalumikiza pa simyuleta safika 56k. Amathera pa 33,600 bps, chifukwa liwiro la 56k limafuna kuti mbali ya kampani ikhale yolumikizidwa mwa digito. Ndaonapo munthu akubweza modemu yabwinobwino chifukwa chosadziwa zimenezi.

Pogulitsa ndiye musanene. Munthu wa mu Lusaka sagula fakisi kapena PABX yakale chifukwa cha mawu okoma, makamaka amene anapsapo ndi katundu wa m'makontena. Amafuna aone ndi maso. Ndimamupatsa risiva, ine n'kupita mbali ina ya tebulo, n'kuimba. Ikalira, iye n'kuyankha kuti halo uku akuseka, malonda atheka.

Tsopano mbali imene ogulitsa mabokosi amenewa sakonda kuitchula. Laini ya simyuleta ndi yabwino mopitirira muyeso. Waya wake ndi mita imodzi, wouma, wopanda dzimbiri, wopanda phokoso. Zili ngati kuyesa minibasi pa Great East Road n'kunena kuti ili bwino, chonsecho ntchito yake ndi ya m'misewu ya m'komboni nthawi ya dzinja. Laini yeniyeni imayenda makilomita kuchokera ku exchange, imadutsa m'maenje odzaza madzi mvula ikagwa, ili ndi mfundo zomangidwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka zambiri. Makina amene akhoza mayeso pa tebulo langa akhoza kukalephera ku Matero. Choncho simyuleta ikati makina afa, ndimaikhulupirira. Ikati ali bwino, ndimangoti mwina.

Pofuna kuchepetsa mwina ameneyo ndinapanga kachingwe kanga. Waya wa kopa wa 0.5 mm, kupita ndi kubwerera, umakhala ndi maohm pafupifupi 175 pa kilomita. Ndiye ndinaika resistor ya maohm 470 pa mwendo uliwonse wa chingwe, zonse pamodzi 940, zomwe zikufanana ndi laini ya makilomita asanu ndi kanthu. Foni yofooka imaululika pomwepo: belu limalira monyinyirika, mawu amachepa, fakisi imatsitsa liwiro. Sizikupereka zonse za laini yaitali, chifukwa phokoso ndi chinyezi mulibemo, koma zandithandiza kugwira makina angapo amene akanandibwerera. Mabokosi odula a m'malabotale amatha kuwonjezera okha phokoso, kuchedwa kwa mawu ndi kufooka kwa siginolo. Amenewo ndi a makampani opanga zida, osati a ife a m'tauni.

China chimene chimasokoneza ndi dziko limene kabokosi kanapangidwira. Ambiri amene amapezeka pa intaneti, monga a Viking ndi a Teltone, ndi a ku America, ndipo amalankhula za kwawo: dial tone ya 350 ndi 440 Hz, kulira masekondi awiri n'kupuma anayi, busy tone (kaphokoso kosonyeza kuti laini ili bize) ya 480 ndi 620 Hz. Mayiko ambiri a ku Ulaya amagwiritsa 425 Hz, pamene ku Britain foni imalira kawiri motsatizana kenako n'kupuma. Zimenezi zili ndi ntchito, chifukwa PABX kapena makina oyankha okha amadalira busy tone kuti adziwe kuti woimba wadula. Akapanda kuizindikira amagwirabe laini, ofesi yonse n'kumadandaula kuti foni ili bize tsiku lonse. Caller ID, yoonetsa nambala ya woimba, nayo ili pawiri kapena patatu. Ku America nambala imatumizidwa ndi kaphokoso konga ka modemu, kotchedwa FSK, pa 1200 bps, pakati pa kulira koyamba ndi kwachiwiri. Ku Britain imabwera foni isanalire n'komwe. Kwina amaitumiza ndi DTMF. Foni ikakana kuonetsa nambala pa simyuleta, musafulumire kuitsegula, mwina zangosiyana chilankhulo. Ndipo onani pa adaputala: ya mavolti 120 mukaibaya pa 230 athu ano, mudzangomva fungo.

Anyamata ena amandifunsa ngati n'kofunika kugula kabokosi kapadera pamene ATA, kabokosi kolumikizira foni wamba ku intaneti (VoIP), ili ndi madoko awiri a FXS obayamo mafoni. Kunena zoona ATA imagwira ntchito yambiri yomweyo, ndipo ubwino wake umatha kusintha mamvekedwe ndi kaliridwe pa kompyuta kuti zifanane ndi dziko limene ukufuna. Poyesa foni wamba ndi yokwanira. Pa alamu ndi fakisi ndimakayika nayo, chifukwa mawu amayamba asandutsidwa mapaketi, ndipo pamenepo pakhoza kulowa vuto limene si la makina ukuyesawo. Alamu yotumiza uthenga mwa njira yotchedwa Contact ID imadikira kuti mbali yolandira iyankhe ndi 1400 Hz kenako 2300 Hz, itumize manambala ake pa DTMF mofulumira, n'kudikiranso 1400 Hz yotsimikiza kuti uthenga wafika. Kamodzi kakasokonekera, alamu imangoimba mobwerezabwereza. Poyesa chinthu chimene chikulondera nyumba ya munthu, ndimafuna njira ya kopa yokhayokha pakati pa alamu ndi cholandirira. Palinso njira ya amphawi: batire ya mavolti 9 kapena 12 ndi resistor pakati pa mafoni awiri. Mudzalankhulana ndithu, koma dial tone kulibe, belu silidzalira, ndipo fakisi muyenera kuiyambitsa ndi manja mbali zonse.

Exchange yeniyeni imakhala ndi mabatire akuluakulu, n'chifukwa chake kale magetsi akathima foni ya pakhoma inkagwirabe ntchito. Kabokosi kanga kalibe mwayi umenewo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankasowa maola ambiri pa tsiku, ndipo ndinakasamutsira pa inverter pamodzi ndi soldering iron. Inverter yotsika mtengo imalowetsa kaphokoso ka zzz m'risiva, ndiye kasitomala asanayambe kuloza foni yake ndimamuuziratu kuti phokosolo ndi langa.