Tsiku limene phiri la Mulanje linavina

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Chitakale, ndipo palibe phunziro limene ndinkalikonda kuposa la mawu otsutsana m'matanthauzo. Chaka chilichonse ndinkalemba pa bolodi mawu akuti "kusinthasintha", n'kuwauza ana a Sitandade 7 kuti anditchulire otsutsana nawo. Ankatchula kukhazikika, kukhulupirika, kupirira ndi kulimba mtima, ndipo wina wochangamuka ankawonjezera kusagwedezeka. Akafika pamenepo ndinkatsegula zenera n'kuloza phiri la Mulanje. Ndinkawauza kuti azungu anabwera n'kudzala tiyi m'munsi mwake m'zaka za m'ma 1890, mapaundi anachoka kwacha n'kubwera mu 1971, maboma akhala akulowa ndi kutuluka, koma Sapitwa akadali pomwepo ndi mamita ake 3,002.

Chimene sindinkawauza ana n'chakuti chitsanzo chachiwiri cha kusagwedezeka ndinkachiona m'mawa uliwonse pagalasi. Wondimeta ndi mmodzi yemweyo chibwerereni kuno, mpando wanga kutchalitchi aliyense amaudziwa, ndipo timu yanga ndi Bullets, imene yakhala Bata, Total, Bakili mpaka Nyasa, ine osasuntha. Mayi a kunyumba ankakonda kunena kuti pa mndandanda wanga pakusowa mawu awiri, liuma ndi makani, koma ndinkawayankha kuti amenewo ndi mawu a mutu wina, ndipo mutuwo sunali mu silabasi.

Kwathu ndi ku Ntcheu, ndine Mngoni, ndipo kuno ndinabwera ngati mkamwini pakati pa Alhomwe. Zambiri za kuno ndinazizolowera msanga, makamaka kalongonda. Amene sanamudyepo adziwe kuti kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu zokoma kwambiri, koma zosafuna wophika wopupuluma, chifukwa zili ndi poizoni amene amatuluka pokhapokha zikawira nthawi yaitali, madzi ake akutayidwa ndi kuthiramo ena mobwerezabwereza. Mphika woikidwa pamoto m'mawa umaphulidwa madzulo.

Loweruka lina mu Julaye, chiperoni chitakuta phiri lonse ndipo mvula yowaza ikugwa osaleka, mayi a kunyumba ndi apongozi anga ananyamuka kupita kumaliro cha ku Muloza. Kalongonda anali atamuwiritsa kale kamodzi n'kumusenda makoko. Potuluka anandiuza momveka bwino kuti: "Bambo, madziwa akada muwataye, muthire ena, ndipo muzitero mpaka dzuwa litapendeka. Chonde musalawe."

Atangokhota pa mseu, ndinakhala pafupi ndi moto n'kuyamba kuilingalira nkhaniyo monga munthu wophunzira. Mjigo uli patali, kunja kunali kuzizira koopsa, nkhuni zinali zonyowa, ndipo madzi atsopano alionse akanafuna moto watsopano kuti awire. Komanso ndinakumbukira zimene alangizi a zaumoyo amanena, kuti madzi ophikira ndiwo satayidwa chifukwa amapita ndi zofunika m'thupi. Kuti iwo amanena za masamba, osati kalongonda, ndinakumbukira tsiku lotsatira. Ndinagamula kuti madziwo akhala momwemo, ndipo ine ndikagamula ndagamula.

Cha m'ma 11 koloko agogo ena oyandikana nafe anadzapala moto. Anasuzumira mumphika, naona madzi atada ngati makala, n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, madziwa mwasintha kangati?" Ndinawayankha mwaulemu kuti ine si munthu wosinthasintha zinthu. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandifotokozera nkhani imene akuluakulu a kuno amakamba, yakuti kalekale ankhondo a Chingoni anapeza mudzi anthu atathawa, miphika ya kalongonda wosapsa ili pamoto, ndipo atadya nkhondo yawo inathera pomwepo. Ndinaona ngati akunyoza mtundu wanga, choncho atangotuluka ndinathira mchere n'kudya mbale ziwiri zodzaza, ina ya ine mwini, ina yobwezera makolo anga.

Nthawi ya 2 koloko ndinali ndi msonkhano wa komiti ya sukulu, kumene ndine mlembi, ndipo sindinachedwepo ndi kale lonse. Ndinavala shati yanga yoyera n'kukwera njinga. Pamene ndinkalowa kanjira kodutsa m'munda wa tiyi, chifunga chinayamba kuyera, phiri linaonekera, ndipo ndinaliyang'ana monga ndimachitira masiku onse. Ndikunena zoona, abale anga: linapendekera kumanzere. Ndinatikita maso, likubwerera kumanja. Kenako linayamba kugwedeza m'chiuno pang'onopang'ono ngati likuvina tchopa, mizere ya tiyi ikuyankha pansi pake, msewu nawo ukuthawa pansi pa matayala anga.

Ngakhale pamenepo sindinasinthe maganizo. Ndinadziuza kuti msonkhano ndi msonkhano, ndipo ndinapalasabe mpaka njinga inasankha njira yake, ine n'kugwera chamutu m'zitsamba za tiyi, miyendo m'mwamba. M'mimba munayamba chipwirikiti, mbale ziwiri zija zinabwerera njira imene zinadzera, ndipo shati yoyera inalandira zonse. Amayi othyola tiyi anathamangira pamalopo madengu ali kumsana, ndipo ndinamva wina akuti: "Ogo, si aphunzitsi aja amalalikira zoletsa kachasu awa?" Ndinayesa kudziteteza, koma akuti mawu okha amene ndinkabwereza anali akuti wina aligwire phirilo lisanagwere ana. Pakati pa anthu oonererawo panali mnyamata wa m'kalasi mwanga, yemwe uja amatchula kusagwedezeka.

Ananditengera kunyumba pa kabaza, atandimangirira ndi chitenje kumsana kwa wopalasa kuti ndisagwenso. Tinapeza a kumaliro atangofika kumene. Apongozi anavundukula mphika, nayang'ana madzi akuda aja nthawi yaitali osanena kanthu. Mwa mwambo wathu iwo ndi ine sitiyankhulana maso ndi maso, choncho anakhala kuseri kwa chitseko n'kulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza ndithu kuti ndi oyandikana nafe omwe amve: "Tawafunsa akamwini ngati angalole kuti tiwasinthe shatiyo, kapena nayonso ndi yosasintha."

Ndinagona mpaka Lamlungu madzulo, ndipo mpando wanga wa kutchalitchi unakhalidwa ndi wina. Lolemba ndinalowa m'kalasi molimba mtima, ndinalemba tsiku pa bolodi, zenera n'kulisiya chitsekere. Ndisanatsegule n'komwe buku, mnyamata uja anakweza dzanja, naimirira mwaulemu wonse, manja kumbuyo, n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi tingatsegule zenera tione ngati lasiya?"